Kompyuta Yozima Ikatsala Yokha

Kompyuta ija inafika ku Matandani ili m'katoni ya sopo, atayimangirira pakeliyala ya njinga ndi malamba a chubu. Galasi lake linabwera padera, litasenzedwa pamutu ndi bambo wina amene ankaponda pansi mosamala ngati wanyamula mazira. Minibasi inathera pa Neno Boma, ndipo kuchokera pamenepo a Joel anakankha njingayo zitunda zonse, akutukwana chamumtima mwala uliwonse wa mumsewu. Akanakhala katundu wa munthu wina akanamusiya pa Boma pomwepo. Koma uyu ankapita kwa mlongo wawo, mayi Anesi, ndi kwa alamu awo a Lenard Chimbalanga, anthu amene anali atangoika mwana m'manda.

A Lenard anali dokotala wamng'ono pachipatala cha kumeneko. Kwawo kunali ku Makwasa, ndipo kuno anabwera ndi ntchito. Analinso mkulu mumpingo wosunga Sabata, munthu woti akati ayi, ngakhale muwagwadire, ndi ayi basi. Mwana anali naye mmodzi yekha, Chiyamiko, amene anabadwa mimba zingapo zitapita padera. N'chifukwa chake anamupatsa dzina limenelo.

Chiyamiko anali Fomu 3 pasukulu ina yogonera ku Blantyre, ndipo ankaimba kwaya. Kumayambiriro kwa chaka kwaya yawo inaitanidwa kukajambulidwa ku wailesi ya kanema, imene nthawi imeneyo inali idakali khanda. Chibwerere matipate zinthu zinkangobwera motsatizana, manyuzipepala, kaunjika, kenako kanema, koma zonsezo zinkathera m'tauni. Kumapiri kuno kunkangofika mbiri yake. Pulogalamuyo inaulutsidwa kamodzi, makolo ake osaiona. Pa holide mtsikanayo anabwera akufotokoza mpaka kuiwala kudya: anamuimika mzere wa kutsogolo, kumapeto kwenikweni chifukwa cha kufupika, ndipo ndime yachiwiri anaimba yekha, kamera ili pankhope pake. A Lenard anaseka, n'kunena kuti adzaonera akadzabwereza.

Atabwerera kusukulu sanathe mwezi. Unayamba mutu, kenako khosi linauma. Uthenga unachedwa m'njira, ndipo pamene a Lenard ankafika kuchipatala ku Blantyre mwanayo anali atasiya kale kulankhula. Iwo amene ankachiza ana a eni tsiku ndi tsiku anangoima pambali pa bedi, manja ali lende.

Chimene chinatsala m'nyumba chinali chithunzi chimodzi cha ali Sitandade 8, atatsinzina chifukwa cha dzuwa, ndi kena kakang'ono ka pa chiphaso cha kusukulu. Mawu ake panalibe pamene anatsala. A Lenard anadzidzimuka tsiku lina akupalasa njinga atazindikira kuti sakukumbukanso bwino mmene mwana wawo ankasekera, ndipo mantha amene anawagwira pamenepo anaposa a tsiku la maliro.

Ndiye kunabwera uthenga wochokera kwa a Ezekiele, aphunzitsi a kwaya ija. Pulogalamu ija aibwereza Loweruka, nthawi ya 11 koloko m'mawa. Akatero tepi yake ajambulapo zina, pakuti matepi kumeneko anali ochepa ndipo sankasunga kwaya za ana a sukulu. Wofuna kumuona Chiyamiko akuimba amuone tsiku limenelo, apo ayi basi.

A Lenard anapalasa njinga kupita pa Boma kukaimbira foni a Joel, amene ankakonza makina a m'maofesi ku Blantyre. A Joel sanaone vuto.

"Alamu, musavutike. Mnzanga wa kuntchito ali ndi deki yojambulira za pa kanema. Ndimugulira tepi, akhala pansi, adina batani, nkhani yatha."

"Loweruka?"

"Loweruka lomwelo, eti."

"Ndiye ine ndikhale m'tchalitchi ndikuimba, kwinaku munthu akundigwirira ntchito pa Sabata? Lamulo silinasiye kunja wantchito kapena mlendo, alamu."

A Joel, amene Sabata analisiya kalekale pamodzi ndi makabudula a kusukulu, anayesa kunena kuti kudina batani si kulima. Sizinamveke. A Lenard anawalonjezetsa kuti asatume munthu ngakhale mobisa, pakuti tepi yotero iwo sadzailowetsa m'nyumba mwawo. A Joel anakhumudwa, koma pokhala munthu wa makina anatulukira njira ina. Anali ndi kompyuta imene anagula pa okushoni ya bungwe lina la azungu, yokhala ndi polowetsa waya wa eriyo. Imeneyo ukaiuza nthawi imadzidzutsa yokha, n'kujambula yokha, popanda chala cha munthu. A Lenard anaganiza kaye, foni ili kukhutu. Makina si kapolo, si ng'ombe, si mlendo. Wotchi ya pakhoma nayo imayenda pa Sabata ndipo palibe anaidzudzulapo. Anavomera.

Ikanatha kujambulira ku Blantyre konko. Koma kuchipinda chimene a Joel ankachita lendi magetsi anali okokera kwa neba, ozima nthawi imene afuna, ndipo Loweruka limenelo iwo anali ndi ulendo wa kuntchito. Chachikulu, mayi Anesi, amene chichitikire maliro ankangoyankha moni basi, atamva nkhaniyi anatsegula pakamwa n'kunena kuti mwanayo abwerere m'nyumba mwake, asakafikire kwa alendo. Chinali chinthu choyamba kupempha, ndipo palibe anali ndi mtima wowakaniza.

Lamulungu lonse linathera pa kulumikiza. Anadula mtengo wa bulugamu wautali, kumangirira eriyo kunsonga kwake, n'kuuimika kuseri kwa nyumba. A Lenard ankazunguza mtengowo pang'onopang'ono kuloza kumene kuli Blantyre, a Joel ali pawindo kukuwa kuti bwererani, pitirirani, imani pomwepo. Moto unkachokera m'mabatire a sola amene a Lenard ankayatsira nyale ndi wailesi, kuwonjezapo batire la lole lobwereka kwa a Gerishon a pachigayo, ndipo unkadzera m'kabokosi kotchedwa inveta kamene kamausandutsa kukhala ngati wa magetsi. Chakumadzulo pagalasi panaoneka munthu wovala tayi akuwerenga nkhani, nkhope yake ili ndi timadontho ngati ikuwazidwa mvula, koma munthu ndithu, ndi mawu omwe.

A Joel anawaphunzitsa alamu awo kuika nthawi yodzuka ndi nthawi yojambula, mobwerezabwereza mpaka zinalowa. Kenako anatembenuza bokosilo n'kuwaonetsa kafani kozungulira kumbuyo kwake ndi timabowo ta m'mbali. Anati pamenepo ndi pamphuno pake, asapakanikize kukhoma. A Lenard anagwedeza mutu, n'kukokera tebulo patsogolo pang'ono. Mayi Anesi nthawi imeneyo anali kukhitchini akusosola nkhuku ya mlendo, ndipo palibe anaganiza zowaitana. Za mawaya zinali za amuna.

Nyumba ya mayi Anesi inali yoti fumbi silinkagonamo. Inalibe siling'i, ndipo m'miyezi yozizira mphepo ya kumapiri inkalowetsa fumbi ndi zinyalala pansi pa malata, koma mlendo sakanadziwa. Mipando inali ndi tinsalu toluka, mashini osokera anali ndi chovala chawochawo, ngakhale wailesi inkafunda. Bambo akapita kuntchito mayi ankasesa, kupukuta, kuvundikira, ndipo dzuwa likapendeka ankakonzanso pabalaza kuti mwini nyumba akafika angokhala pansi n'kutsegula wailesi yake. Anachita zimenezi zaka zonse za ukwati wawo, mwakachetechete, moti a Lenard sankaziona n'komwe, monga mmene munthu saonera mpweya umene akupuma.

Lolemba a Joel anabwerera. A Lenard, munthu wosakhulupirira mankhwala asanawayese, anati ayese tsiku lililonse mpaka Lachisanu. Pakati pa sabata kanema ankayamba masana, choncho m'mawa anaika nthawi, kuzimitsa galasi kuti lisadye moto, n'kupita kuntchito. Atabwera madzulo anapeza kompyuta ili zii patebulo pake, yoyera, yozizira. Anaiyatsa. Inali itadzukadi pa nthawi yake, n'kujambula kwaya ina ya amayi, koma chapakati pa nyimbo chithunzi chinangoima, mayi wina ali kukamwa yasa, ndipo kutsogolo kwake kunalibe kanthu.

Anakhala nayo pansi madzulo amenewo n'kuiuza kuti ijambule iwo akuona. Inajambula nkhani zonse, za nyengo, msonkhano wa chipani wautali ngati njira ya ku Boma, osatsokomola n'kamodzi komwe. Anati mwina linali tsoka la tsiku loyamba.

Lachiwiri zinali chimodzimodzi. Inadzuka, inajambula pang'ono, inafa. Madzulo iwo ali pompo, inagwira ntchito ngati yatsopano. A Lenard ankadziwa odwala otere, amene kunyumba amakomoka koma akafika pamaso pa dokotala amakhala bwinobwino, ndipo ankadziwanso kuti odwala oterowo ndi amene amafa mosayembekezeka. Anayamba ndi mabatire. Anawapukuta mitu, kuthiramo madzi ake, kukwera padenga kukatsuka sola. Anakagwedeza mtengo wa eriyo kuona ngati mphepo ikuuzunguza, n'kuukhomerera ndi zikhomo zina. Mayi Anesi ankawayang'ana ali pakhomo.

Lachitatu itafanso, a Lenard anasiya odwala a usiku m'manja mwa namwino n'kupalasa njinga kupita pa Boma. Foni inavuta kulowa, ndipo italowa a Joel anayamba kufunsa ngati dokotala. Kodi wotchi yake ikusunga nthawi? Ikusunga. Kodi malo ojambulira sanadzaze? Sanadzaze, aona pamene anawaonetsa paja. Kodi inveta ikulira? Siikulira. Kodi pali amene akuigwira?

"Aigwire ndani? Mlongo wanu amaiopa ngati njoka."

"Nanga mukaipeza itazima imakhala yotentha?"

"Yozizira ngati mwala."

Sananame. Pamene iwo ankafika madzulo inali itazizira kalekale. A Joel anati ndiye ndi moto basi, penapake waya akuchepa mphamvu kapena akugwedera, ndipo masana kukatentha amalekerera. Asinthe mawaya a pabatire aike onenepa. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti mnzawo wa deki uja akadalipo, ndipo nthawi ikadalipo. M'mutu mwa a Lenard munali nkhope ya mkazi wawo ili pakhomo paja. Koma analinso munthu amene anaimapo paguwa n'kudzudzula anthu otuma aganyu kumunda pa Sabata eni ake ali m'tchalitchi atavala masuti. Anayankha kuti ayesa mawayawo.

Anawapeza kwa a Gerishon, mawaya a lole yakufa, onenepa ngati chala chachikulu. Anawamanga ndi sipanala mpaka manja kuchita matuza. Lachinayi mayi Anesi analawira kusanache bwino ndi amayi anzawo a Dorika, gulu la amayi a mumpingo, kukaona odwala kumidzi ya kutsidya, ndipo ananena kuti abwera mochedwa. Unali ulendo wawo woyamba kutuluka chichitikire maliro. A Lenard anatsala akuika nthawi, anatseka nyumba okha n'kupita kuntchito.

Atabwera anamva kafani kakulira asanatsegule n'chitseko chomwe. Kompyuta inali moyo. Inali itajambula masana onse, zoimba, zophika, mpira wa ana, popanda kudukiza. A Lenard anakhala pampando n'kuphimba nkhope ndi manja. Mkazi wawo atafika, mapazi ali mbuu, a Lenard anawauza kuti matenda apezeka, anali mawaya. Mayi Anesi anamwetulira pang'ono, koyamba m'miyezi iwiri, n'kunena kuti Mulungu ndi wabwino.

Lachisanu ndi tsiku lokonzekera, ndipo a Lenard anaweruka masana. Anakhala pambali pa kompyuta ikujambula, iwo akupolisha nsapato, ndipo sinavute. Komabe kamtima kena sikanagone. Dzuwa lisanalowe anapita kukhitchini kumene mkazi wawo ankamaliza kuphika za mawa, n'kunena mozungulira kuti mwina mawa atsale, anene kuti thupi silili bwino.

"Mawa ndi Mgonero, bambo a Chiya. Mkate ukanyemedwa ndi ndani?"

"Akulu alipo ena."

"Ndiye mukanamize mpingo chifukwa cha mwana amene sanajombepo Sabata? Mwati mwakonza. Ngati mwakonza, tiyeni tikapemphere, tidzamupeza."

A Lenard anatuluka m'khitchinimo. Anabwerera pabalaza n'kuika nthawi. Poopa kuti a kanema angayambe msanga, kapena wotchi ingatsalire, anaiuza kompyuta kuti idzuke n'kuyamba kujambula kudakali nthawi ndithu 11 koloko isanakwane. Anaona kuti achita mwanzeru. Anayang'ana mawaya komaliza, kuzimitsa galasi, ndipo dzuwa litalowa anatsegula Sabata ndi nyimbo imene mawu awo awiri sanathe kuidzaza.

M'mawa kunazizira kwambiri, nkhungu ili m'zigwa. Anatuluka onse, a Lenard atanyamula Baibulo, mayi Anesi dengu la chakudya cha masana ndi thaulo la mwambo wosambitsana mapazi. Atafika pa mtengo wa pichesi wa pakhomo mayi anati aiwala buku la nyimbo, ndipo anatenga kiyi n'kubwerera m'nyumba. Sanachedwe. A Lenard anawadikira akuyang'ana eriyo, imene inali chiimire bwinobwino kuloza ku Blantyre.

Za m'tchalitchi tsiku limenelo a Lenard sanamve n'chimodzi chomwe. Anagwada, anaimirira, anatsegula pamene ena ankatsegula. Nthawi ya 11 koloko inawapeza atagwada kunja pabwalo la amuna, beseni lili patsogolo, akusambitsa mapazi ong'aluka a mkulu wina wa kumudzi. Anaba kuyang'ana wotchi ya pamkono, madzi akutsika m'chigongono. Panopa akulengeza. Panopa ayamba. Panopa ndime yachiwiri. Anapukuta mapazi aja nthawi yaitali moti mwini wake anachita kuwabweza yekha. Atalowa ananyema mkate maganizo ali kutali, ndipo anthu anati ndi chisoni cha maliro, zimene sizinali bodza.

Mwa chizolowezi anadya masana pa udzu ndi anzawo n'kukhalira mapemphero a madzulo. Potuluka dzuwa linali litatsamira paphiri. Mayi Anesi anaimitsidwa ndi amayi a Dorika, ndipo a Lenard, amene masiku onse ankayenda pambali pa mkazi wawo mwaulemu wa Sabata, anapempha kiyi n'kutsogola. Anafika pakhomo akupuma mwa befu. Anatchera khutu. M'nyumba munali zii.

Anatsegula chitseko. Patebulo sanaone kompyuta. Anaona sholo.

Inali sholo ya ulusi wonenepa, yofiira ndi yachikasu, imene Chiyamiko analukira amayi ake ali Fomu 1, yokhota mbali imodzi pamene anasokoneza maso a singano. Chichitikire maliro mayi Anesi sanaifundenso, ndipo a Lenard ankayesa kuti ili pansi pa sutikesi. Apa inali itapindidwa pawiri n'kufunditsidwa pabokosi lonse, kutsogolo, m'mbali, kumbuyo, m'mphepete mwake mutapisidwa pansi mosamala monga amachitira ndi khanda m'mwezi wa Juni. Pamphuno paja panalibe ngakhale kampata kolowa chala.

Sanafunike wina wowafotokozera. Zonse zinabwera pamodzi: Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, bokosi loyera lopanda fumbi m'nyumba yopanda siling'i, Lachinayi limene mayi kunalibe, buku la nyimbo la m'mawa uja. Kompyuta inkadzuka yokha m'kati mwa sholo, kujambula mpaka kubanika ndi kutentha, n'kudzizimitsa. Madzulo mayi ankavundukula, kupinda sholo, kuti bambo apeze pabalaza pali pokonzeka. Iwo anakwera padenga, anamanga mawaya a lole, anapalasa njinga mpaka pa Boma, koma kulowa m'khitchini n'kunena mawu amodzi amene a Joel anawauza, zimenezo sanachite. Ndipo foni ija, deki ija, kawiri konse anakana ndi pakamwa pawo.

Anachotsa sholoyo pang'onopang'ono, kuipinda, n'kuiika pampando. Bokosi linali lozizira. Dzuwa linali lisanalowe, ndipo anakhala pansi kulidikira, pakuti kuthyola Sabata tsopano kukanawapindulira chiyani.

Mayi Anesi analowa, kuika dengu pansi, n'kukhala pamphasa pafupi ndi tebulo osavula n'nsapato zomwe. Anaona sholo ili pampando. Kuwala kutachoka pawindo a Lenard anapemphera pemphero lotsekera Sabata, lalifupi kuposa onse amene anapempherapo, n'kudina batani.

Inali itadzukadi msanga monga anaiuzira. Inajambula mbendera ikupepeluka. Inajambula bambo wina akufotokoza kathiridwe ka feteleza, mofatsa, osathamangira kulikonse, akutola dothi n'kulionetsa ku kamera. Inajambula malonda a sopo ndi a mafuta ophikira. A Lenard ankaona mphindi zimenezo zikudutsa akudziwa kuti iliyonse yadya mpweya wa mwana wawo. Kenako kunabwera mtsikana wolengeza, n'kutchula dzina la sukulu ija, ndipo mayi Anesi anagwira mwendo wa tebulo.

Kwaya inaoneka chapatali, mizere itatu ya mabulauzi oyera, nkhope zosazindikirika chifukwa cha timadontho tija. A Ezekiele anakweza dzanja. Anaimba ndime yoyamba onse pamodzi, mawu ambirimbiri osakanikirana moti sukanatha kupatula a mmodzi. Kamera inasendera pafupi n'kuyamba kuyenda ndi mzere wa kutsogolo, kuchokera kumanzere, nkhope ndi nkhope, ana a eni onenepa bwino, amoyo. Inafika pa mtsikana wina wa mpata kumano. Pambali pake, m'mphepete mwenimweni mwa galasi, panalowa phewa lalifupi ndi mkono wopindika utagwira pepala. Kwaya inatsitsa mawu kupereka mpata kwa woimba yekha. Panamveka munthu akukoka mpweya.

Chithunzi chinaima pomwepo.

"Pitirizani," anatero mayi Anesi.

"Yathera pamenepa."

"Bwezani, mwina ipitirira."

Anabweza. Inafika pa phewa lomwe lija, mpweya womwe uja, n'kuima. Anabwezanso. Ulendo wachitatu mayi anati aisiye pomwepo, ndipo anadzuka n'kuyandikiza nkhope pagalasi. Anaika chala pachigongono chija, pamene panali kachipsera kakuda. Anati ndi iyeyu, apa anagwa mumtengo wa pichesi uja ali Sitandade 4. Anakhala choncho chala chili pagalasi, osalira, ndipo a Lenard akanakonda akanalira.

Patapita nthawi mayi anafunsa ngati a kanema sangabwerezenso. A Lenard anati adzafunsa Lolemba, koma onse awiri ankadziwa zimene a Ezekiele ananena. Mayi anafunsanso ngati a Joel sangatsegule bokosilo n'kupeza zotsalazo m'kati. A Lenard anayankha kuti zimene sizinalowe sizingapezeke.

"Koma chalakwika n'chiyani, bambo a Chiya? Mawaya munasintha. Ine mbali yanga ndinayesetsa. Tsiku lililonse mukachoka ndinkaifunditsa kuti fumbi lisalowe, n'katundu wa achimwene. Lero ndinachita kupinda pawiri, ndi kuzizira kuja. Ndinati mwana akamabwera apeze sholo yake."

A Lenard anawayang'ana mkazi wawo. Nkhope inali itatha, masaya atalowa, maso akudikira yankho la dokotala amene amadziwa zinthu. A Lenard sananamepo kwa mkazi ameneyu chikwatirane, ndipo dzulo lomweli anakanizidwa kunamiza mpingo.

"Munachita bwino, mayi a Chiya. Ndi makina akale, anatopa. A pa okushoni ndi choncho."

Mayi anagwedeza mutu. Inveta inayamba kulira kuti moto watsika, ndipo a Lenard anazimitsa kompyuta, chigongono chija n'kuzimirira pagalasi. Mayi Anesi anatenga sholo pampando, kuikung'untha, n'kuyamba kufunditsa bokosilo. Mbali yokhota ija inkangotsetsereka, ndipo anapempha amuna awo kuti awagwirire nsonga ya kumbuyo. A Lenard anagwira, n'kuipisa pansi pa kafani kaja monga mmene mayi anawauzira.